Mphutsi pa Chilonda cha Nkhuku: Musadikire Mawa

Boma la Chiradzulu limadziwika ndi nkhuku zakuda za Mikolongwe, zamtundu wa Black Australorp. Koma nthenga zakudazo zimabisa chilonda. Kabawi akaikanda nkhuku, kapena galu akailuma, mwini saona msanga. M'nyengo ya dzinja ntchentche zobiriwira zimaikira mazira pachilondapo, ndipo pasanathe maola 24 mphutsi zimayamba kudya mnofu.

Mukaona nkhuku yazyolika ndipo ikununkha, igwireni. Metani nthenga mozungulira chilonda. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo sipuni yaing'ono ya mchere, ndipo akazizira tsukirani chilondacho. Chotsani mphutsi imodziimodzi, kenaka pakani GV. Musathire palafini, amawotcha mnofu.

Itsekereni payokha posafika ntchentche. Muziyang'ana chilondacho m'mawa ndi madzulo, chifukwa mazira otsala amaswabe. Chikakhala chakuya, itanani alangizi a ziweto.

Abale ndi alongo, nkhuku yofa yokha osazingidwa ndi haramu: ndiwo zapita, ndalama zapitanso. Tikumbukirenso kuti ziweto anatisungitsa ndi Allah, ndipo kuzichitira chifundo kuli ndi malipiro ake.