NJINGA ZA OLEMALA: MBALA IKABA, AMALANGIDWA NDANI?

M'dziko la America muli thumba la boma locedwa Medicare. Linakhazikitsidwa m'caka ca 1965 kuti lizilipirira cithandizo ca kucipatala ca anthu a zaka 65 ndi kupitirira, ndipo pambuyo pake olemala analoledwa kulowamo. Cimodzi mwa zinthu zimene thumbali limagulira anthu ndico njinga ya olemala yoyenda ndi mabatire, imene mwini wake amaiongolera ndi dzanja limodzi. Kwa munthu amene mikono yake ilibe mphamvu yopalasa, njinga yotere ndiyo miyendo yake.

Koma pamene pali uci, nyerere sizisowa. Anthu ena acinyengo anayamba kuyendera okalamba m'makomo mwao, kuwalonjeza njinga yaulere ndi kuwapempha nambala yao ya Medicare. Dokotala wosakhulupirika ankasaina kalata yonena kuti wokalambayo sangathe kuyenda, cinkana anali ndi miyendo yolimba. Wamalonda ankatenga ndalama zonse ku thumba, napereka njinga yochipa, mwinanso osapereka kanthu konse.

Ndalama zogulira njingazi zinakwera kucokera pa madola 289 miliyoni mu 1999 kufika pa madola 845 miliyoni mu 2002. M'cigawo cimodzi cokha ca Harris, kumene kuli mzinda wa Houston, thumbali linalipirira njinga zoposa 31,000 mu 2002, pamene mu 2001 zinali ngati 3,000. Kodi tinene kuti anthu a kumeneko analemala onse usiku umodzi?

Mu 2003 boma linayamba nchito yosaka mbalazi. Kampani yaikulu ya ku Texas, The Scooter Store, inavomera kulipira boma madola 4 miliyoni mu 2007 pothetsa mlandu. Mu 2013 ofufuza a FBI anasecha maofesi ake, ndipo caka comweco inatsekedwa. Malamulo nawo anakhwima. Wodwala ayenera kuonana ndi dokotala maso ndi maso asanamlembere kalata. Kuyambira mu 2012, m'zigawo zisanu ndi ziwiri, mapepala anayamba kuunikidwa njinga isanaperekedwe, ndipo njira iyi inafalikira m'dziko lonse.

Pano ndipo tifuna kuimapo, okondedwa awerengi. Akulu akale anati ikaola imodzi zaola zonse. Mbala zina zinagwidwa, zina zinathawa ndi cuma. Amene anatsala pa khomo locepetsedwalo ndi wolemala weniweni. Iye sadziwa macenjera a mapepala. Dokotala akaiwala mau amodzi, pempho limabwezedwa, ndipo munthu adikirabe cigonere, zironda zikubuka pamsana. Palinso lamulo lakuti njinga iperekedwe kwa amene aifuna poyenda m'kati mwa nyumba. Amene atha kudzikoka kucokera pa kama kufika kukhichini, koma sangafike kumsika kapena kunchito, angathe kukanidwa.

Sitikuti alonda acoke pa nkhokwe. Kuunika ndalama zisanatuluke kuposa kuthamangitsa mbala itadya kale. Koma kuunikako kukhale kwa msanga, ndipo wokanidwa auzidwe cifukwa cake m'mau omveka, kuti akonze colakwaco. Mlonda amene amayesa aliyense wobwera kuti ndi mbala waiwala cimene nkhokwe inamangidwira.

Ife a ku Zambia tili nalo thumba lathu la NHIMA, limene linabadwa ndi lamulo la mu 2018, ndipo anchito ndi owalemba nchito amaponyamo mwezi ndi mwezi. Likadali laling'ono, ndipo bwenzi titaphunzira pa zilonda za anzathu. Tisapereke nambala yathu ya umembala kwa mlendo wolonjeza zaulere. Tisasaine pepala la cithandizo cimene sitinalandire, ngakhale wotipemphayo ali mbale wathu. Ndalama yotuluka mwa bodza lero, mawa idzalipiridwa ndi munthu wosatha kuimirira kuti adzinenere yekha.