Alex Lang ndi Chilango cha Masewero 99

Mpira wa ku Australia, umene umaseweredwa ndi anthu 18 mbali iliyonse pa bwalo looneka ngati dzira, ndipo umagwidwa ndi manja komanso kumenyedwa ndi phazi, unali utazika kale mizu mumzinda wa Melbourne pamene Alex Lang analowa timu ya Carlton m'chaka cha 1906. Malo ake anali a rover, ndiye kuti wosewera waliwiro amene amatsatira mpira paliponse n'kumautola anzake ataliatali akaugwetsa pansi, ndipo ali m'manja mwa mphunzitsi Jack Worrall anathandiza Carlton kutenga ukatswiri wa ligi ya Victorian Football League zaka zitatu zotsatizana, mu 1906, 1907 ndi 1908.

Mbiri yabwinoyi inadetsedwa mu 1910, pamene akuluakulu a Carlton anachotsa Lang, Doug Fraser ndi Doug Gillespie pa mndandanda wa osewera kutangotsala pang'ono kuti timuyo ikumane ndi South Melbourne m'ndime yolowera ku fainolo, powaganizira kuti analandira ziphuphu kuti asewere mwaulesi timu yawo igonje. Ligi itafufuza nkhaniyi inapeza kuti Gillespie analibe mlandu, koma Lang ndi Fraser anaimitsidwa kwa zaka zisanu, zomwe zinakwana masewero 99, ndipo Carlton, imene inali pamwamba pa ligi chaka chimenecho, inagonja kwa South Melbourne, komabe inafika mu fainolo momwe inagonjanso kwa Collingwood.

Chilangochi chinali choyenera, pakuti wogulitsa masewero amabera anzake thukuta ndiponso amanamiza ochemerera amene alipira pakhomo, komabe mlandu sungagwere osewera okha. Pa nthawiyo malamulo a ligi ankaletsa kulipira osewera, pamene makamu a anthu ankadzaza mabwalo ndipo obetcha ankayendetsa ndalama zambiri, kotero kuti mnyamata amene luso lake linkalemeretsa ena anali wosavuta kumukola. Nkosadabwitsa kuti mu 1911 ligi inavomereza kuti osewera azilandira malipiro poyera.

Fraser sanabwererenso mu ligiyi, koma Lang anapirira n'kuvalanso yunifolomu ya Carlton mu 1916, chaka chimene matimu anayi okha ndiwo anapikisana chifukwa cha nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Anasiya mpira mu 1917 atasewerera timuyo masewero 105, ndipo anamwalira mu 1943.