Kuyeretsa madzi a m'khola la nkhumba ndi magetsi: kodi zingatheke ku Lufita?

Mlimi akasiya kuweta nkhumba zongoyendayenda n'kumanga khola lasimenti, alangizi amamuyamikira, ndipo m'pake. Nkhumba za m'khola zimanenepa msanga, siziononga mbewu za eni, komanso sizitenga chigodola mwachisawawa. Koma khola lasimenti limafuna kutsuka tsiku ndi tsiku, ndipo madzi otsukirawo sangosowa okha. Ku Lufita m'boma la Chitipa, monganso kumadera ena kumene nyumba, madimba ndi zitsime zayandikana, funso la kumene madziwa akupita silaling'ono.

Nkhumba yolemera makilogalamu 60 imatulutsa ndowe ndi mkodzo zokwana pafupifupi makilogalamu asanu patsiku. Khola la nkhumba 20 zotere ndiye kuti likutulutsa makilogalamu 100 tsiku lililonse, tisanawerengere madzi otsukira. M'madzi amenewa muli zotsalira za chakudya, ammonia wochokera mumkodzo, phosphorus, komanso tizilombo totsegula m'mimba monga Salmonella ndi E. coli. Akalowa mumtsinje, ndere zimachuluka, mpweya umachepa m'madzi ndipo nsomba zimafa. Akalowerera m'nthaka, ammonia uja amasanduka nitrate, yemwe amatha kufika m'chitsime popanda kusintha mtundu kapena fungo la madzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nitrate pa lita, makamaka pofuna kuteteza makanda, omwe magazi awo amalephera kunyamula mpweya akamwa madzi otere.

Chitipa ndi boma la kumtunda. Zimene zatayidwa kumeneko mvula imazikokolera m'mitsinje monga Songwe ndi Lufilya, yomwe imakathira m'nyanja ya Malawi kudzera m'boma la Karonga. Malamulo nawo alipo: lamulo la zamadzi la 2013 limaletsa kutayira madzi oipa m'mitsinje popanda chilolezo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 ndi lomwe lidakhazikitsa bungwe la MEPA kuti lizilondoloza nkhani zoterezi.

Imodzi mwa njira zomwe akatswiri m'mayiko oweta nkhumba zambiri akhala akuyesa ndi yogwiritsa ntchito magetsi. Si yatsopano. Ku England adaiyesa kale pa madzi a m'suweji cha m'ma 1889, koma idazilala chifukwa magetsi adali okwera mtengo. Yabwereranso tsopano, ndipo china chimene chaidzutsa ndi kutsika mtengo kwa masola.

Njira yodziwika kwambiri imatchedwa electrocoagulation. Mapuleti awiri kapena kuposerapo, achitsulo kapena a aluminiyamu, amamizidwa m'thanki ya madzi oipawo moyandikana koma osakhudzana. Kenaka amalumikizidwa ku magetsi oyenda mbali imodzi, ngati a batire kapena sola. Puleti ya ku positive imayamba kusungunuka pang'onopang'ono. Tizidutswa tachitsulo totuluka pamenepo timasanduka timibulu tonanda tomwe timakoka zinyalala zing'onozing'ono, zija sizidikha ngakhale madzi atagona sabata yathunthu. Zinyalalazo zikaundana zimalemera n'kumira. Pa puleti inayo pamatuluka tithovu ta mpweya wa hydrogen tomwe timanyamula mafuta ndi zinyalala zopepuka kupita nazo pamwamba, pomwe munthu angathe kuziyengula. Pakati pamatsala madzi oyererapo.

Amene adaonapo momwe mabungwe ogawa madzi amathirira alamu m'madzi amatope kuti adikhe sangadabwe nazo. Ntchito yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti pano mankhwalawo akupangikira m'thanki momwemo kuchokera ku puleti, m'malo mobwera m'matumba kuchokera kutali, zomwe kwa munthu wa ku Chitipa, kumene katundu aliyense amafika atakwera mtengo ndi mtunda, si phindu lochepa.

Ubwino wina ndi wakuti zonse zimawerengeka. Malinga ndi lamulo lomwe katswiri wa sayansi Michael Faraday adapeza m'zaka za m'ma 1830, ampeya imodzi ikayenda kwa ola limodzi imasungunula chitsulo choposa pang'ono galamu imodzi, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu ya aluminiyamu. Choncho makina oyenda pa maampeya 10 ndi mavoti 12 amadya magalamu 10 a chitsulo pa ola, ndi magetsi osafika gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a yuniti ya Escom. Mlimi angathe kudziwiratu kuti puleti yake itha liti.

Koma apa m'pomwe ogulitsa makina sakonda kuchedwapo. Njirayi imachotsa bwino matope, mtundu wakuda, phosphorus ndi gawo lalikulu la tizilombo, koma ammonia imamulephera. Ammonia amasungunukiratu m'madzi ngati mchere, ndipo timibulu tija sitingamugwire. Madzi akhoza kutuluka owala ngati a pamjigo koma akadali oopsa ku nsomba ndi kuchitsime. Diso pano silithandiza.

Kuti ammonia achoke pamafunika sitepe ina yotchedwa electro-oxidation. Iyi imafuna mapuleti osasungunuka, kawirikawiri a titanium okutidwa ndi zitsulo zodula, omwe sapezeka kwa wowotcherera aliyense. Magetsi akadutsa, mchere wa m'madzimo umasanduka klorini, yemwe amaphwanya ammonia kukhala mpweya wa nitrogen wosavulaza, n'kuphanso tizilombo. Mtengo wake ndi magetsi ambiri ndithu. Komanso klorini akakumana ndi ndowe zambiri amapanga mankhwala ena oipa m'madzimo, motero madzi ayenera kukhala atayererapo kale asanafike pa sitepeyi.

Ndipo pali chinthu chowawitsa mutu pamenepa. Nitrogen amene akuthamangitsiridwa mumlengalengayo ndi yemweyo amene mlimi amakamugula m'thumba la Urea pamtengo woboola m'thumba. Kulipira magetsi kuti uwononge fetereza, kenaka n'kukagula fetereza wina, ndi masamu ovuta kuwamvetsa kwa mlimi wa chimanga. N'chifukwa chake ofufuza ena adatembenukira ku mapuleti a magnesium. Iyi ikasungunuka imagwirana ndi ammonia ndi phosphorus n'kupanga timiyala toyera totchedwa struvite, tomwe ndi fetereza wotulutsa chakudya pang'onopang'ono m'nthaka. Sichotsa ammonia yense, chifukwa m'madzi a nkhumba ammonia amachuluka kuposa phosphorus, koma zomwe yagwira zimabwerera kumunda.

Kwa mlimi wa nkhumba zisanu kapena khumi ku Lufita, magetsi sindiwo poyambira. Poyambira ndi fosholo. Ndowe zikawoledwa zouma khola lisanathiridwe madzi, gawo lalikulu la vuto limakhala lachoka, ndipo ndowezo zimakalowa m'manyowa, kuphatikizapo a Mbeya aja alimi ambiri adawazolowera. Madzi otsukira akalowa m'dzenje lomata bwino, lotalikirana ndi chitsime, zolemera zimadikha zokha popanda kulipira kanthu. Amene angakwanitse thanki ya biogas amapezanso moto wophikira. Magetsi amayenera madzi otsala pambuyo pa zonsezi, makamaka pamene nkhumba zachuluka kuposa munda wothirapo manyowa, monga pa khola la kalabu ya alimi kapena pamalo ophera nyama. Kulowetsa ndowe zosasefa m'makinawa n'kungotha mapuleti ndi batire pachabe.

Amene angafune kuyesa adziwe kuti magetsi a pakhoma salowetsedwa m'madzi mwachindunji. Imeneyo ndi imfa. Hydrogen amayaka, choncho thanki isatsekedwe ndiponso isayandikire moto. Malata ofolera nyumba sayenera kukhala mapuleti chifukwa adakutidwa ndi zinc, yemwe angalowe m'madzi. Mapuleti amachita litsiro lomwe limatchinga magetsi, ndipo amisiri amachepetsa vutoli posinthanitsa mawaya nthawi ndi nthawi. Nsenga zotsala pansi pa thanki nazo zimafuna pozitaya pabwino. Za aluminiyamu sizoyenera kumwaza m'munda wa nthaka ya asidi, poti m'nthaka yotere aluminiyamu amapinimbiritsa mizu.

Madzi otuluka m'makinawa si akumwa, ndipo makinawa asatengedwe ngati chishango cha chigodola. Kachilombo ka matendawa, omwe alibe mankhwala ndipo adavuta m'boma loyandikana nalo la Karonga mu 2019, kamatha kukhala moyo masiku angapo m'ndowe ndi mkodzo. Madzi ochokera m'khola la nkhumba zodwala asagwiritsidwenso ntchito kutsukira khola lina, ngakhale ataoneka oyera chotani, ndipo ofesi ya zaulimi ya Lufita idziwitsidwe nkhumba zikangoyamba kufa motsatizana.