Kufufuza Mbiri ya Agogo Ochokera ku England

Mabanja ena pakati pathu ali ndi agogo aamuna amene anachokera ku England m'nthawi ya Nyasaland, ena kudzagwira ntchito za boma, ena m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje. Kawirikawiri chatsala ndi dzina lokha basi.

Dzina lokha limasocheretsa, pakuti a John Smith ku England ngosawerengeka. Choncho tiyambe ndi kufunsa akuluakulu akwathu akadali moyo, kenako zikalata za ku National Archives ku Zomba. Chimene tikufuna ndi chaka komanso dera limene munthuyo anabadwira.

Tikapeza ziwirizi, ntchito imapepuka. Kuyambira pa 1 July 1837, boma ku England ndi Wales limalemba obadwa, okwatirana ndi omwalira, ndipo setifiketi yobadwira imatchula dzina la bambo a mayi ake, limene limatitsegulira banja lachiwiri. Kalembera wa 1841 ndi woyamba kulemba mayina a onse a m'nyumba, pomwe wa 1851 amatchulanso parishi imene aliyense anabadwira. Tisavutike kufuna wa 1931: anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge anthu chifukwa cha nkhondo.

Chaka cha 1837 chisanafike timadalira mabuku a mpingo wa Church of England, amene anayamba mu 1538 polamula Thomas Cromwell. Apa m'pofunika kusamala. Mabukuwa nthawi zambiri amalemba tsiku la ubatizo, osati lobadwa, ndipo mwana wa banja la Baptist, limene silibatiza makanda, mwina sangapezekemo n'komwe.