Kodi malo pa Google amagulidwa?

Nyengo ya mwambo wopereka madigiri ku University of Malawi ikafika, mzinda wa Zomba umadzaza ndi alendo. Makolo ochokera ku Karonga, Mchinji ngakhale Nsanje amafuna pogona, ndipo ambiri masiku ano safunsanso munthu pamsewu. Amangotulutsa foni, n'kulemba pa Google mawu monga "lodge Zomba", kenako n'kuimba nambala yomwe yaoneka koyamba. Ndi momwenso amachitira alendo okwera phiri la Zomba kukaona mathithi a Williams, dzenje la Chingwe kapena damu la Mulunguzi.

Kwa mwini nyumba yogona alendo ku Sadzi, kunja kwa chigawo chapakati cha mzindawu, nkhaniyi ndi ya ndalama. Zipinda zingakhale zaukhondo, mtengo wake wabwino, koma ngati dzina la malowo silikutuluka pa foni ya mlendo, zipindazo zigona zopanda munthu. Apa ndi pomwe amalowera anthu ena otumiza mauthenga pa WhatsApp kapena pa imelo, omwe amalonjeza kuti akalandira ndalama alembetsa tsamba la bizinesiyo ku Google ndi kuliika pamwamba pa onse.

Lonjezo lotere limasakaniza zinthu zitatu zosiyana: kulowa m'kaundula wa Google, kugula malo otsatsira malonda, ndi kulemba ntchito katswiri wokonza tsamba. Choyambacho n'chaulere, ziwiri zinazo n'zolipira, koma pa zitatuzi palibe chomwe chimagula malo oyamba mpaka kalekale.

Kulowa m'kaundula n'kwaulere

Munthu akafufuza pa Google, kampaniyo siyendera intaneti yonse nthawi yomweyo. Imayang'ana m'kaundula wake wamkulu womwe idasonkhanitsa kale. Kaundulayu amadzazidwa ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot, yomwe imayendayenda usana ndi usiku kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina, potsata malinki omwe amalumikiza masambawo. Ikapeza tsamba latsopano imaliwerenga, ndipo ikaona kuti n'loyenera imalisunga.

Google yakhala ikunena poyera kuti silandira ndalama kuti iike tsamba m'kaundulayu, kuti iliyendere pafupipafupi kapena kuti ilikweze pa mndandanda wa zotsatira zosalipira. Mwini webusaiti wofuna kufulumizitsa zinthu atha kutsegula akaunti ya Google Search Console, yomwe n'njaulere, n'kutumiza mndandanda wa masamba ake wotchedwa sitemap. Kampani ya Microsoft nayo ili ndi Bing Webmaster Tools, yaulerenso. Malinga ndi Google, tsamba latsopano limatha kutenga masiku angapo kapena masabata angapo kuti liyenderedwe, ndipo si tsamba lililonse lomwe limasungidwa.

Pali njira yachidule yodziwira ngati webusaiti idalowa kale. Munthu akalemba pa Google mawu oti site: n'kutsatiza dzina la webusaitiyo popanda kusiya mpata, masamba omwe ali m'kaundula amaoneka. Amene walipira ndalama ya "kulembetsa" asanayese njira imeneyi akhoza kukhala kuti wagula chinthu chomwe adali nacho kale.

Kumene maganizowa adachokera

Maganizo oti malowa amagulidwa sadangogwa kumwamba, chifukwa kale zinkachitikadi. Google isanatchuke, makampani ena ofufuzira pa intaneti ankalipiritsa. Mu 1998, chaka chomwe Larry Page ndi Sergey Brin adakhazikitsa Google, kampani ya GoTo.com ku America idayamba kugulitsa malo apamwamba kwa yemwe wapereka ndalama zambiri. Yahoo inkalipiritsa mabizinesi madola 299 pachaka kuti akhale m'ndandanda wake wa mawebusaiti, ndipo idalinso ndi ndondomeko yolowetsa masamba m'kaundula polipira.

Mu 2002 bungwe la Federal Trade Commission, lomwe limateteza ogula ku America, lidalembera makampaniwa kuwauza kuti azisiyanitsa momveka bwino zotsatira zolipiridwa ndi zosalipiridwa. Yahoo idathetsa ndondomeko yake yolowetsa masamba polipira kumapeto kwa 2009, ndipo mu 2014 idatsekeratu mndandanda uja. Choncho yemwe akugulitsa "kulembetsa" lero akugulitsa katundu yemwe adachoka pamsika kalekale.

Chomwe chimagulidwa ndi malo otsatsira malonda

Pamwamba pa zotsatira za Google nthawi zambiri pamakhala mizere ingapo yolembedwa kuti Sponsored. Amenewa ndi malonda, ndipo ndiwo amabweretsa gawo lalikulu la chuma cha kampaniyo. Ndondomekoyi idayamba mu 2000 ndi dzina loti AdWords, ndipo mu 2018 idasinthidwa kukhala Google Ads.

Kayendetsedwe kake kamafanana ndi okushoni ya fodya ku Limbe kapena ku Kanengo, kungoti kuno zonse zimatha m'kuphethira kwa diso. Wotsatsa amasankha mawu omwe akufuna, monga "malo ogona ku Zomba", n'kutchula ndalama yomwe angalipire munthu mmodzi akadina pa uthenga wake. Google imayerekeza ndalamazo ndi za opikisana naye, komanso imaunika ngati uthengawo ndi tsamba lake zikugwirizana ndi zomwe wofufuza akufuna. Kawirikawiri wotsatsa amalipira pokhapokha wina akadina, kaya wodinayo abwera kudzagona kaya ayi.

Malo amenewa ndi a lendi. Ndalama zikatha, dzina limachoka pomwepo, ndipo kutsatsako sikukweza tsamba pa mndandanda wa zotsatira zaulere. Kwa wamalonda wa m'dziko muno palinso vuto la ndalama zakunja, poti malipirowa amapita kunja. Pamene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse yotsatsira malonda idayamba kudya makwacha ochuluka kuposa kale. N'chifukwa chake wotsatsa wanzeru amasankha nyengo, monga masabata oyandikira mwambo wa madigiri kapena tchuthi cha Khirisimasi, ndipo amaika malire a ndalama zoti zigwiritsidwe ntchito patsiku.

Akatswiri enieni ndi achinyengo

Chinthu chachitatu ndi ntchito yotchedwa SEO, komwe ndi kukonza tsamba kuti makina ofufuzira alimvetse bwino. Imeneyi ndi ntchito yovomerezeka ndipo woigwira ayenera kulandira malipiro. Katswiri weniweni amaonetsetsa kuti tsamba likutseguka msanga pa foni ngakhale netiweki ili yofooka, zithunzi sizikudya bandulo ya mlendo, ndipo mutu wa tsamba ukutchula zomwe anthu amafufuza. Tsamba longolembedwa kuti "Takulandirani" siliuza Google chilichonse, pomwe lotchula Sadzi, Zomba, mitengo ya zipinda ndi njira yofikira limayankha funso la mlendo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo ena omwe amagulitsa malinki mazanamazana ochokera ku mawebusaiti opanda pake, n'cholinga chonamiza Google kuti tsambalo n'lotchuka. Malamulo a Google amaletsa kugula malinki pofuna kukwera pa mndandanda, ndipo chilango chake chidagwerapo ngakhale makampani akuluakulu. Mu 2006 webusaiti ya kampani ya galimoto ya BMW ku Germany idachotsedwa kwa kanthawi m'kaundula kaamba kogwiritsa ntchito masamba onyengerera makina ofufuzira. Mu 2011 sitolo za JCPenney ku America zidatsitsidwa pa mndandanda, nyuzipepala ya New York Times itaulula za malinki ochuluka okayikitsa omwe ankaloza ku webusaiti yake. Makampani otere ali ndi chuma chodzukira akagwa, pomwe kanyumba ka zipinda zisanu ndi chimodzi ku Sadzi kangataye nyengo yonse ya alendo.

Google imachenjezanso yokha kuti palibe munthu angatsimikize malo oyamba, ndipo imalangiza anthu kukayikira aliyense wonena kuti ali pa ubale wapadera ndi kampaniyo.

Poyambira popanda kulipira

Kwa bizinesi yokhala ndi malo enieni, kaya nyumba yogona alendo, galaja kapena sukulu ya mkaka, chida chothandiza kwambiri ndi Google Business Profile. Ndicho chimachititsa kuti dzina lioneke pa Google Maps pamodzi ndi nambala ya foni, nthawi yotsegulira, zithunzi ndi ndemanga za makasitomala. Kulembetsa n'kwaulere ndipo sikufuna kuti munthu akhale ndi webusaiti, kungoti Google imayamba yatsimikiza kuti bizinesiyo ilipodi. M'madera momwe misewu yambiri ilibe zikwangwani za maina, kadontho koikidwa pamalo olondola pa mapu kamafikitsa mlendo pakhomo ngakhale usiku.

Zilipo ndalama zina zomwe mwini webusaiti sangazithawe. Dzina la webusaiti limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo maina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP. Malo osungira webusaitiyo nawonso amalipiridwa. Ndalama zimenezi sizipita ku Google, ndipo wopanga webusaiti wachilungamo amazilemba padera pa risiti.

Safunsa adadya phula. Asanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, wamalonda ayenera kufunsa kuti pa zinthu zitatu zija akulipira chiti. Ngati ndi kutsatsa, aone yekha lipoti la Google Ads losonyeza ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito ndi chiwerengero cha odina. Ngati ndi kukonza tsamba, ntchitoyo ilembedwe papepala mwatsatanetsatane. Chachikulu n'chakuti dzina la webusaiti, Search Console ndi Business Profile zilembetsedwe pa imelo ya mwini bizinesi, chifukwa zikakhala m'dzina la wopanga webusaiti, tsiku lomwe awiriwa adzasemphane mwini wake adzatsala kunja kwa sitolo yake yomwe.

Amene wanamizidwa atha kukadandaula ku polisi kapena ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo okhudza malonda achinyengo. Dziko lino lilinso ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti. Komabe ndalama yotumizidwa kwa munthu wosadziwika, makamaka wa kunja kwa dziko, imavuta kuibweza, ndiye ndi bwino kusunga mauthenga onse ndi umboni wa malipiro kuyambira tsiku loyamba.