Galimoto Yam'tchire Imadziwika Kunsi Kwake

Ife amene timakonza galimoto kuno ku Nancholi, m'mbali mwa msewu wotsikira ku Chikwawa, timaona zambiri zikupita kuchigwa zili phuliphuli, zina mwa izo n'kudzabwerako chokokedwa, choncho munthu akandifunsa kuti, "Bambo, ndigule yotani yokayendera ku Chapananga kapena ku Makhanga?" sindifulumira kutchula dzina, koma ndimamupempha kuti agwade nane tisuzumire kunsi, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ambiri amayesa kuti galimoto ikalembedwa 4x4 ndiye kuti matayala onse anayi adzakoka nthawi zonse, koma sizitero ayi. Pakati pa matayala awiri pamakhala chipangizo chotchedwa difu, chimene chimalola tayala lakunja kuthamanga koposa lam'kati pokhota. Tsono chipangizo chomwechi chili ndi chilema chake, pakuti tayala limodzi likaterereka chimathira mphamvu komweko, kotero kuti m'dothi lamakande la kuchigwa cha Shire, mvula ikagwa usiku, mudzaona tayala limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo akuzungulira pachabe namwaza matope, anzawo ali duu. Chifukwa chake funsani ngati difu ili ndi loko womanga matayala awiri kuti ayende pamodzi. Funsaninso za giya yamphamvu yolembedwa 4L, imene imayendetsa galimoto pang'onopang'ono koma mosagonja pamiyala ndi pachitunda. RAV4 ndi X-Trail zilibe giya imeneyi. N'zabwino ndithu pamsewu wafumbi nthawi yachilimwe, koma musaziumirize ntchito imene sizinalengedwere.

Ine mtima wanga uli pa Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984, makamaka ya injini ya dizilo ya 1HZ ya malita 4.2. Si yothamanga, ndipo msana wa wokwera suiyamika. Koma injini yake siyendera kompyuta, motero makaniko wa pa Nchalo akhoza kuitsitsimutsa ndi masipanala ake pansi pa mtengo, masipeyala ake osasowa ku Limbe kapena ku Ndirande. Hilux nayonso ndi yokhulupirika. Land Rover, imene inayamba mu 1948 ndipo inanyamula amishoni ndi atsamunda, imakwera bwino, koma imafuna mwini woleza mtima. Galimoto yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Japan muigogode chitsulo chakunsi ndi hamala, popeza kumpoto kwa dzikolo amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo dzimbiri limabisala pansi pa penti.

Kunena za katundu, ndalama zanu ziyambe zapita ku matayala olimba m'mbali, apadera akhale awiri, zonyezimira zidikire. Tengani jeke pamodzi ndi thabwa lochindikala loikapo, chifukwa jeke yekha amamira m'matope. Tenganinso fosholo, chingwe chokokera, madzi, ndi pampu, pakuti pamchenga timaphwetsako matayala kuti apondetse, n'kudzawapopanso tikatuluka. Zigubu za dizilo zikhale pansi zomangidwa bwino, chifukwa denga lolemedwa ndilo limagubuduza galimoto pamalo opendekeka. Ndipo ndikupemphani, chingwe musachikole pa kampira kachitsulo kokokera ngolo, kamene kakathyoka kamauluka ndi kupha munthu.

Wotsala ndi mwini wake. Pagalimoto zimene dalaivala amalowetsa yekha giya yokoketsa matayala onse anayi yolembedwa 4H, aichotse akafika paphula, kuopa kuti zitsulo zingapotokole ndi kuthyoka. Potsika mapiri kulowera ku Thabwa, giya yaing'ono ndiyo igwire galimoto, pakuti mabuleki akapsa amasiya ntchito osatsanzika. Ndipo pamtsinje wosefukira, monga tinaonera namondwe Freddy atakokolola milatho mu Marichi 2023, munthu wanzeru amazimitsa injini nafunsa eni mudzi za kuya kwa madzi, za mchenga wapansi, ngakhalenso za ng'ona. Pakuti madzi akalowera popumira injini, pisitoni imalephera kuwapanikiza, ndodo zake zimapindika, ndipo mtengo wokonzera umaposa kutalitali wa kugona tsidya lino kudikira kuti madzi aphwe.