PULAGI IKAKANA KULOWA, MTIMA SUDIKIRA

PA 12 June 2021, pa bwalo la mpira la mumzinda wa Copenhagen, Christian Eriksen wa timu ya dziko la Denmark anagwa cafufumimba masewera ali mkati, popanda womkhudza. Mtima wake unali utaleka kupopa mwazi. Madokotala anathamangira pomwepo nayamba kumkanikiza pacifuwa, kenaka anammata zigamba ziwiri zokhala ndi nthambo zocokera m'kabokosi ka magetsi. Atamgwedeza ndi nyesi kamodzi kokha, mtima unayambanso kugunda, ndipo pasanathe miyezi 9 mnyamatayo anali kuseweranso mpira ku England. Okonda mpira m'Zambia muno amakumbukanso Chaswe Nsofwa, amene anagwa pa masewera oyeserera ku Be'er Sheva m'dziko la Israel mu August 2007, namwalira ndi bvuto la mtima asanafike zaka 30.

Kabokosi kamene kanapulumutsa Eriksen kamachedwa defibrillator. Mtima umagunda cifukwa ca timagetsi tating'ono timene timayenda m'minofu yake mwadongosolo. Dongosolo limenelo likasokonezeka, mtima umangonjenjemera monga imacitira nyama ya ng'ombe yongophedwa kumene, ndipo mwazi sufika ku ubongo. Nyesi yamphamvu yodutsa pacifuwa imaimitsa kunjenjemerako, kuti mtima uyambenso wokha kugunda bwino. Ngati palibe wothandiza, mwai wakuti munthuyo apulumuke umacepa ndi magawo 7 kufikira 10 pa 100 pa mphindi iriyonse.

Kale makina amenewa anali kukhala m'zipatala mokha, ndipo anthu ambiri anali kufera panjira. Dr Frank Pantridge wa pa cipatala ca Royal Victoria ku Belfast ndiye anaganiza zakuti makina adzilondola wodwala kumene wagwera. Mu 1965 anapanga makina onyamulika olemera makilogalamu 70, oyendera mabatire a galimoto, ndipo mu 1966 anayamba kuyenda nawo m'ambulansi. Pofika 1968 anali atawacepetsa kufika pa makilogalamu 3. Makina a masiku ano amalankhula okha, kumuuza munthu wamba pomata zigamba, ndipo amayeza okha ngati mtima ufunika nyesi kapena iai.

Ku Britain anthu oposa 30,000 caka ciriconse mtima umawaimira ali kunja kwa cipatala, ndipo opulumuka safika mmodzi pa khumi alionse. Kuyambira mu 2017 lamulo la nchito ku England nlakuti pa ngozi yotere ambulansi idzifika m'mphindi pafupifupi 7, koma kumidzi yakutali zimenezi sizitheka kawirikawiri. Ndico cifukwa cake makina aja anapacikidwa pa zipupa za machalichi, masukulu ndi masitolo, ndiponso m'tinyumba tofiira tam'mbali mwa mseu timene kale munali matelefoni. Palinso anthu a m'mudzi momwemo, alimi, aphunzitsi ndi opuma pa nchito, amene anadzipereka naphunzitsidwa ndi a maambulansi. Wina akaimba nambala ya 999, odziperekawa amauzidwa nthawi yomweyo, ndipo ndiwo amayamba kufika.

Bvuto limabuka ambulansi ikafika. Wodwala wagona pansi, malaya ang'ambidwa, wina akumkanikiza pacifuwa, ndipo zigamba ziwiri zamatidwa kale, cimodzi kumtunda kwa bere la kumanja pansi pa fupa la phewa, cina m'nthiti za kumanzere pansi pa mkhwapa. A m'ambulansi amabwera ndi makina ao akuru, amene amaonetsa kagundidwe ka mtima pagalasi ndi kucita zina zambiri zimene kabokosi ka m'mudzi sikangathe. Cofunika ncimodzi cokha, kuzula pulagi ya zigamba pa kabokosi ndi kuilowetsa pa makina akuruwo, nchito ya masekondi awiri kapena atatu. Koma nthawi zambiri pulagiyo imakana kulowa.

Makampani odziwika opanga makinawa, monga Zoll ndi Physio-Control, imene imapanga makina ochedwa Lifepak ndipo inagulidwa ndi Stryker mu 2016, iriyonse iri ndi pulagi yakeyake. Zigamba zina za Zoll ziri ndi kacipangizo koyeza kuzama kwa kukanikiza, kamene makina a kampani ina sangakawerenge. Kampani ya HeartSine ya ku Belfast, mumzinda wa Pantridge momwemo, inaphatikiza zigamba ndi batire m'cinthu cimodzi, kotero kuti wocotsa zigamba wacotsanso batire. Palibe lamulo lokakamiza makampani onse kupanga pulagi yofanana. Iwo amati makina ao anayesedwa ndi zigamba zao zokha, ndipo sangayankhe mlandu pa zigamba za eni. Mau amenewa ali ndi nzeru yake, komabe nkosabisika kuti zigamba zimagwira nchito kamodzi kokha nkutayidwa, ndipo amene wagula makina a kampani ina adzakhala akugula zigamba komweko zaka zonse. Aliyense amene anayendapo nyumba ndi nyumba kufuna chaja yokwana foni yake adziwa mmene zimawawira. Maiko a European Union analamula kuti kuyambira mu December 2024 mafoni atsopano onse adzikhala ndi polowetsa chaja pa mtundu umodzi wochedwa USB-C. Makina otsitsimutsa mtima sanaikiridwe lamulo lotere.

Pulagi ikakana, a m'ambulansi amayenera kung'amba paketi yatsopano, kumatula zigamba zoyamba, kupukuta thukuta ndi kumata zao. Munthu angaganize kuti theka la mphindi si kanthu. Koma manja a wokanikiza ndiwo mtima wa wodwala pa nthawi imeneyo. Amakanikiza ka 100 kufikira 120 pa mphindi, cifuwa nkumalowa masentimita 5 kapena 6, ndipo ngakhale atalimbika cotani, mwazi umene umafika ku ubongo ngwocepa poyerekeza ndi wa mtima wamoyo. Zifanana ndi pampu ya pacitsime imene mphira wake watha: wopopa akangoleka, madzi amabwerera pansi, ndipo poyambanso amapopa kangapo madzi asanaturuke. Manja akacoka pacifuwa mphamvu ya mwazi imagwa nthawi yomweyo, ndipo imatenga kukanikiza kambiri kuti ikwerenso. Ncifukwa cake malangizo a madokotala a mtima amati kupuma kulikonse kusapose masekondi 10. Kusintha zigamba mwacipwirikiti, anthu akupanikizana m'kacipinda kocepa, kungathe kudya nthawi yoposa pamenepo.

Njira yoyamba yothetsera bvutoli ndi kufunsa asanagule. M'madera ena a ku Britain ndi ku America, a zozimitsa moto, apolisi ndi odzipereka a m'midzi amagula makina a kampani imene a maambulansi a m'dera lao amagwiritsa nchito, kuti pulagi idzingolowa. Izi zimatheka pamene wogula ali mmodzi kapena ogula amvana. Koma makina ambiri opacikidwa m'midzi anagulidwa ndi ndalama zosonkha, nthawi zina ndi banja limene linataya mwana wao, ndipo osonkhawo anasankha amene anali ochipa caka cimeneco. Komanso a maambulansi akasintha kampani patapita zaka, mgwirizano wonse umatha, makina a m'midzi nkutsala ndi mapulagi akale.

Njira yaciwiri ndi adaputa, kanthambo kafupi kokhala ndi mutu wa kampani ina uku ndi wa kampani ina uko. Kamathandiza ndithu, koma ambulansi imodzi ingafunike tiadaputa titatu kapena tinai, ndipo tinthu tating'ono totere timasowa m'cikwama pa nthawi imene tifunika. Nako kamaonjezera malo ena pamene nthambo ingazuke.

Njira yacitatu siifuna ndalama koma kuphunzira pamodzi. Kabokosi ka m'mudzi kamayeza mtima pakapita mphindi ziwiri zirizonse, ndipo pakati pa kuyeza kumodzi ndi kunzake wokanikiza sayenera kuleka. A m'ambulansi ozolowera amasiya kabokosiko kakugwira nchito, nakonza makina ao ndi zigamba zao pambali, ndipo amamata zigambazo manja a wokanikiza akali kugwira nchito, kuti pofika nthawi yoyezanso zonse zikhale zokonzeka. Cimene amasamala ndi cakuti zigamba zakale ndi zatsopano zisakhudzane, popeza nyesi ingalumphe pamwamba pa khungu, kumuocha wodwala, osafika pamtima. Wodzipereka naye amaphunzitsidwa kusazimitsa kabokosi kake cifukwa congoona ambulansi pakhomo, kufikira atauzidwa.

Si onse a m'maambulansi amene amadandaula ndi kusiyana kwa mapulagi. Ena amati ngakhale pulagi italowa, sangakhulupirire zigamba zomatidwa ndi munthu wamantha amene manja ake anali kunthunthumira. Kawirikawiri cigamba ca kumanzere cimapezeka camatidwa kutsogolo kwambiri kapena pamimba, mwina pa ubweya kapena pa khungu lonyowa, ndipo nyesi yambiri imataika. Palinso zigamba za ana osafika zaka 8 kapena makilogalamu 25, zimene pa makina ena ziri ndi cocepetsa mphamvu m'nthambo mwake, ndipo sizinapangidwire makina akuru a m'ambulansi. Zonsezi nzoona. Koma zigamba zomatidwa molakwika zimaoneka ndi maso, ndipo wodziwa nchito angasankhe kuzisintha. Pulagi ikakana, amakakamizidwa kucotsa ngakhale zomatidwa bwino lomwe.

Pali cinanso cimene cimatsala m'mbuyo ambulansi ikanyamuka. Kabokosi koyamba kaja kamasunga mbiri ya mmene mtima unalili pa mphindi zoyamba ndi nyesi zimene zinaperekedwa. Madokotala a kucipatala amafuna mbiri imeneyi posankha cithandizo, monga ngati wodwala aikidwe kacipangizo kogwedeza mtima pansi pa khungu, kamene Eriksen anaikidwa. Koma kabokosiko kamabwezedwa pacipupa cake, ndipo kuti mbiriyo iturutsidwe pamafunika pulogalamu ya kompyuta ya kampani yomweyo.

M'Zambia muno makinawa amapezeka makamaka m'zipatala zazikuru, ndipo zipangizo za m'zipatala zimadza m'njira zambiri, zina zogulidwa ndi Boma, zina za mamishoni ndi migodi, zina mphatso zocokera kumaiko osiyanasiyana. Cipatala cimodzi cingathe kukhala ndi makina a makampani awiri kapena atatu, ndipo zigamba za m'wodi ina nkukana makina a m'wodi ina. Makina operekedwa ngati mphatso amabwera ndi mapaketi owerengeka, ndipo zigamba sizikhalitsa. Mankhwala onyowa amene amazimatitsa pakhungu ndi kudutsitsa nyesi amauma, kotero paketi iriyonse iri ndi deti lake lothera, kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5. M'malo otentha monga cigwa ca Luangwa, paketi yosungidwa m'galimoto yoima padzuwa la October ingathe kuuma deti lisanakwane.